Osula Ochiritsa

Mzinda wa Mzuzu ndi wochepa, koma pa nkhani yosula anthu ogwira ntchito za chipatala uli ndi dzina. Ku Luwinga kuli Yunivesite ya Mzuzu imene inatsegula zitseko zake m'chaka cha 1999 pamalo pomwe kale panali koleji ya aphunzitsi, ndipo mwa zina imaphunzitsa anamwino, azamba ndi akatswiri oyeza maso. Chakufupi komweko kuli chipatala chachikulu cha Mzuzu Central chimene chinayamba kulandira odwala m'chaka cha 2000. Akatolika a St John of God ali ndi koleji yophunzitsa za matenda a maganizo, ndipo mukayenda makilomita ngati 20 pamsewu wa ku Karonga mufika pa Ekwendeni, pomwe Sinodi ya Livingstonia yakhala ikusula anamwino kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene chisanu cha kuno chimalasa mpaka m'mafupa, msewu umadzaza ndi anyamata ndi atsikana a mayunifolomu, ena wapansi, ena pa kabaza, kuthamangira kumawodi.

Ana amenewa timawaona ndipo timawanyadira. Tsiku lolandira masatifiketi likafika, makolo amabwereka masuti, nthungululu zimamveka, zithunzi zimajambulidwa. Amene sitimuona ndi munthu uja anaima kumbuyo kwa mwanayo tsiku limene anabaya jakisoni wake woyamba, dzanja likunjenjemera. Ndi munthu amene anamugwira mkono n'kumuuza kuti, "Osati apo, tsitsa pang'ono." Odwala samudziwa dzina, makolo samuitana kuphwando, ndipo nduna ikabwera kudzatsegula nyumba yatsopano, iye amakhala pampando wa kumbuyo kapena ali kuwodi.

Ine si wachipatala ayi. Ndakhala m'boma zaka pafupifupi 20, muofesi yosunga mafayilo a anthu ogwira ntchito. Zimene ndikudziwa za aphunzitsi a za umoyo ndazitola m'njira ziwiri: m'mapepala odutsa patebulo langa, ndi pakhomo pa mchimwene wanga. Mkazi wake, mlamu wanga, ndi namwino ndi mzamba amene amaphunzitsa pa koleji ina kuno kumpoto.

Mphunzitsi wa masamu akatuluka m'kalasi, chimene chamutsalira ndi kuchonga makope. Mlamu wanga akatuluka m'kalasi ndiye kuti ntchito yangoyamba kumene. Amatsatira ophunzira ake kuchipatala, chifukwa uzamba suphunziridwa pabolodi. Kumeneko amapeza anamwino ochepa, amayi oyembekezera ali mbwee, ndipo munthu amene analumbira kusamala odwala sangapinde manja n'kumati ine ndabwera kudzaphunzitsa basi. Amavala magolovesi n'kuyamba kuthandiza, diso limodzi pa mayi, lina pa wophunzira. Wophunzirayo akalakwitsa, funso limapita kwa iye. Madzulo ndiye nthawi yochonga mayeso ndi kukonzekera phunziro la mawa, ngati magetsi alipo. Pamwamba pa zonsezi pali katundu wachitatu: kuti akwezedwe pantchito ayenera kuchita kafukufuku ndi kusindikiza zimene wapeza m'magazini a akatswiri, monga Malawi Medical Journal kapena ena a kunja, amene ambiri amafuna kulipidwa m'madola.

Tsiku lina ndinamufunsa mwanthabwala chifukwa chimene anzake ena akukwera iye ali pomwepo. Anandiyang'ana nati, "Alamu, inu amene mumasunga mafayilo, munaonapo fomu imene ili ndi mzere wolembapo ana amene munthu wabadwitsa usiku pamodzi ndi ophunzira ake?" Sindinaionepo. Mafomu amene ndimawadziwa amawerenga masatifiketi, zaka zimene munthu wagwira, ndi mapepala amene wasindikiza. Motero amene amazemba kuwodi n'kudzitsekera muofesi ndi kompyuta amakwera msanga, pamene amene amathera nsapato m'makhonde a chipatala amakalamba pa giredi imodzimodzi. Sindikunyoza kafukufuku, dziko losafufuza matenda ake limamwa mankhwala oyezedwa pa anthu ena. Ndikungoti sikelo imene tikuyezera anthu awa ndi yopendekeka.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala zathu zinatsala pang'ono kuuma. Edzi inatenga ogwira ntchito ambiri, ndipo anamwino ankakwera ndege kupita ku Britain. M'chaka cha 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain komanso thumba la Global Fund, linakhazikitsa ndondomeko yapangozi imene inayenda mpaka 2010. Ogwira ntchito za umoyo a magulu 11 anawonjezeredwa malipiro ndi 52 peresenti, ndipo makoleji anauzidwa kuti alembe ophunzira ochuluka. Inali nzeru yabwino ndipo inapulumutsa miyoyo. Koma walira mvula walira matope. Kuwonjezera mabenchi m'kalasi ndi ntchito ya mwezi umodzi. Namwino amasulidwa zaka 3 kapena 4. Mphunzitsi wa namwino amafunika digiri, zaka zingapo kuwodi kuti manja akhwime, digiri yachiwiri, kenaka luso lophunzitsa, limene si aliyense wodziwa ntchito ali nalo. Zonsezi zimadya zaka zoposa 10. Kuyambira nthawi imeneyo takhala tikuwerenga ophunzira mokondwa, osafunsa kwenikweni kuti akuwagwira mkono ndani.

Nanga mphunzitsi wa ku Mzuzu akafuna kuwonjezera maphunziro amapita kuti? Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991. Isanabwere, Amalawi ankakaphunzira udokotala kunja. Kamuzu College of Nursing inayamba mu 1979. M'chaka cha 2021 ziwirizi zinaphatikizidwa kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mizu yake ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumeneko n'kumene kuli mapulofesa ambiri, mabungwe a kafukufuku ndi misonkhano ya akatswiri. Kuchoka kuno kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, kudutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa. Kupita ku Blantyre ndi oposa 600. Mnzake wa ku Blantyre amangodutsa khonde kukagogoda pachitseko cha pulofesa. Wa kuno amayenda usiku wonse pabasi kuti akamve ndemanga ya theka la ola pa zimene analemba. Intaneti yachepetsako mtunda, n'zoona, koma aliyense amene anayesapo kumvera phunziro pa Zoom bando ikutha akudziwa kuti si zofanana. Ndipo pamene moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu mu Disembala 2015, tonse tinalirira ophunzira. Ndi ochepa anaganizira aphunzitsi amene mabuku awo okonzera maphunziro anasanduka phulusa usiku umodzi.

Apa ndiye pamene mafayilo anga amayankhula. Munthu akapatsidwa tchuthi chokaphunzira amasayina pangano lomumanga kuti akabwerera adzagwira ntchito zaka zakutizakuti. Ndaona mafayilo otere ambiri, ndipo nkhani yake imafanana ngati nyimbo ya pamtondo. Pepala loyamba ndi pempho la tchuthi. Lachiwiri ndi panganolo, chidindo chili pompo. Lachitatu ndi kalata yosonyeza kuti wabwerera ndi digiri. Kenaka pamakhala zii kwa zaka zingapo: palibe kukwezedwa, palibe udindo watsopano, palibe ndalama yoyambira kafukufuku. Pepala lomaliza ndi kalata yosiya ntchito, yolembedwa patangopita miyezi yochepa pangano litatha. Wapita ku Lilongwe ku bungwe lomwe si la boma, kapena wadutsa malire. Ife timatseka fayilo n'kunena kuti anthu a masiku ano ndi osayamika. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, makamaka dziwelo likakhala kuti silikukula naye. Pangano limamanga miyendo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Mtima umakhala utapita kale.

Tisanamizane kuti masemina a m'mahotela ndiwo kukula pantchito. Ine ndine wa m'boma, ndikudziwa fungo la alawansi. Mabungwe oyang'anira anamwino ndi madokotala amafuna kuti munthu azisonyeza kuti akupitiriza kuphunzira asanamupatsenso chiphaso chogwirira ntchito, ndipo lamulolo ndi labwino. Koma masiku atatu ku Nkhata Bay, kudya batala ndi kusayina pepala, sasandutsa munthu kukhala mphunzitsi wabwino. Mlamu wanga amati chimene chinamusula ndi mayi wina wachikulire amene ankakhala kumbuyo kwa kalasi akamaphunzitsa, pambuyo pake n'kumuuza poyera pomwe wakhoza ndi pomwe wasokoneza ana. Mayiyo anapuma pantchito, ndipo ntchito imeneyo inapuma naye limodzi, popeza sinalembedwe pena paliponse.

Mzuzu anaphunzirapo kale za kuopsa kodalira luso lobwereka. Chipatala cha Mzuzu Central chinamangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan, ndipo madokotala a kumeneko ankagwira ntchito pamenepo, kuphatikizapo pa kiliniki ya Rainbow yothandiza anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Kumayambiriro kwa 2008 boma litalengeza ubale ndi dziko la China, gulu la madokotala a ku Taiwan linalongedza. Nyumba zinatsala, makina anatsala. Pa luso, chinatsala ndi chokhacho chimene anali atachisiya m'manja mwa Amalawi.

Pali nkhani ina imene kuno timaiyankhula motsitsa mawu: mphunzitsi wachokera kuti. M'chaka cha 1989 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwawo, ndipo ambiri a kumpoto anachotsedwa m'sukulu za pakati ndi kummwera. Ndondomeko ya kota posankha ophunzira a kuyunivesite, imene inabwereranso mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2020, inatsegulanso bala lomwelo. Zipsera zimenezi zilipo, ndipo zimalowa mpaka m'chipinda chomwera tiyi. Wa ku Thyolo akatumizidwa kuno, abale ake amamupepesa ngati wapita kundende. Akafika, ena amamuona ngati wodzalanda malo. Ine ndinabadwira m'chigawo cha pakati, ndipo Chitumbuka ndinachiphunzira pamsika ndi pamaliro. Ndikudziwa kuwawa kokhala pakati pa anthu akuseka iwe osadziwa chasekedwa.

Komatu m'chipatala kusiyana kumeneku ndi chuma. Wodi imodzi ya Mzuzu Central imagoneka Mtumbuka wa ku Rumphi, Mtonga wa ku Chintheche, Mngonde wa ku Karonga ndi gogo wa ku Chitipa amene chiyankhulo chake ngakhale anthu a mu Mzuzu sachimva. Wophunzira anaphunzira matenda m'Chingerezi, amaganiza m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo wodwala akumufotokozera ululu m'Chitonga. Gulu la aphunzitsi ochokera mudzi umodzi silingamukonzekeretse zimenezi. Pamafunika wodziwa mmene mayi wa kuno amatchulira za m'mimba mozungulira chifukwa cha ulemu, komanso mlendo uja amabwera ndi kalumo kakuthwa, wofunsa chifukwa chimene timachitira zinthu mmene timachitiramo.

Za amayi ndiye nkhani ina. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito m'boma, mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 alionse. M'makoleji a anamwino amayi si osowa. Amasowa pamene makwerero akutha. Zaka zimene munthu amayenera kupita kunja kukatenga digiri yapamwamba ndi zomwezo zimene mayi ali ndi ana aang'ono, apongozi odwala, ndi mwamuna amene abale ake akumufunsa kuti mkazi wapita kuti. Bambo akapita zaka 4 amati wapita kusukulu. Mayi akapita amati wathawa banja. Pulofesa Address Malata, amene ndi namwino ndi mzamba, atasankhidwa mu 2016 kutsogolera Malawi University of Science and Technology, anakhala mayi woyamba pa udindo wotere m'yunivesite ya boma. Tinaomba m'manja, ndipo anayeneradi. Koma patapita zaka zoposa 50 chikhazikitsidwire yunivesite yoyamba m'dziko muno, mawu oti "woyamba" anayenera kutichititsako manyazi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi kutopa kumene sikuoneka. M'chaka cha 2020 Covid-19 itafika, sukulu zinatsekedwa, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi anathamangitsa maphunziro kuti abweze nthawi, tchuthi osachiona. Kolera ya 2022 ndi 2023 inabwera iwo asanapume. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo malipiro amene ankafika pa 25 anayamba kutha pa 10. Ambiri amagwira maganyu a usiku m'zipatala kapena kuphunzitsa m'makoleji awiri. Kumudzi amadziwika kuti ndi a kuyunivesite, choncho bokosi la maliro, fizi ndi feteleza zimayang'ana iwo. Onjezani apo imfa. Mayi akamwalira pobereka wophunzira ali pomwepo, mphunzitsi ndiye amamutengera pambali mwanayo, kumupukuta misozi, kumuuza kuti mawa abwerenso. Iye amene wamupukuta misozi palibe.

Chodabwitsa n'chakuti thandizo lili pakhomo. A St John of God akhala mumzinda muno kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo anthu amachoka kutali kudzafuna uphungu. Koma Mzuzu ndi wochepa. Mphunzitsi akalowa pageti, amene amulandire ndi wophunzira wake wakale, amene atulutse fayilo ndi mnzake wa kukwaya. Ndinamufunsa mlamu wanga ngati angapiteko zitamuthina. Anaseka. "Alamu, Lolemba ndikaime bwanji pamaso pa ana?" Munthu yemweyo amaphunzitsa kuti matenda a maganizo ndi matenda ngati malungo, osachititsa manyazi.

Chaka chatha anapeza malo ochita digiri ya PhD ku South Africa. Pempho lake la tchuthi lakhala miyezi 7 likuyenda. Palibe akumukaniza, ndipo palibe akumuda. Funso limene laimitsa zonse ndi limodzi: akachoka, uzamba aphunzitsa ndani? Mnzake amene akanatenga kalasilo anasiya ntchito pangano lake litangotha. Yunivesite ya kunjayo yavomera kumusungira malo mpaka chaka cha mawa. Mchimwene wanga akuti apite basi, ana awasamala ndi iye. Mlamuyo sanayankhe, masiku ano akuchonga mayeso a chaka chachitatu, ndipo sabata ya mawa akuperekeza gulu lina kukayamba ntchito ya kuwodi ku Rumphi.