Mphindi 46 zopanda mawu

Kuno ku Nkhotakota nyimbo timaiweruza ndi mawu ake. Ikalira mu minibasi ya ku Dwangwa, anthu amafuna kumva kuti woimbayo akudzudzula ndani, akulira chiyani. Ine ndinakulira m'kwaya, momwe kiyibodi ntchito yake ndi kuperekeza oimba basi. Ndiye mng'ono wanga atandiponyera chimbale china mufoni, n'kunena kuti muli nyimbo imodzi yokha ya mphindi 46 yopanda mawu, ndinamufunsa kuti nanga munthu amamveramo chiyani.

Iye anachipeza kwa anyamata ena a zokuzira mawu nthawi ya Lake of Stars, chikondwerero chomwe mu September 2024 chinabwera konkuno ku Fish Eagle Bay, patatha zaka 20 chiyambireni ku Chintheche. Chimbalecho dzina lake ndi Promises, chinatuluka mu March 2021, ndipo chinakumanitsa anthu omwe simungaganize kuti angakhalire mphasa imodzi. Wina ndi Sam Shepherd wa ku England, wodziwika kuti Floating Points, DJ wopanga nyimbo zovina ndi makina, amenenso anaphunzira za ubongo wa munthu mpaka kutenga digiri ya PhD. Wina ndi gogo Pharoah Sanders wa ku America, woliza sakisofoni, yemwe ali mnyamata ankaimba jazz ndi John Coltrane m'zaka za m'ma 1960. Kumbuyo kwawo kuli oliza mavayolini a London Symphony Orchestra, omwe mbali yawo anaijambula mu 2020, mliri wa Covid uli mkati.

Nyimboyo imayamba ndi manotsi asanu ndi awiri pa kiyibodi. Amalira, kenako zii. Amabweranso omwewo, kenako zii. Aliyense amene anakwerapo bwato akudziwa izi: umapalasa kamodzi, n'kuutsa nkhafi, bwato n'kumayenda lokha madzi akudontha, kenako umapalasanso. Manotsi amenewa amabwerabwera chotere pafupifupi nyimbo yonse, ndipo m'mipata yacheteyo ndi momwe zinthu zikuchitikira.

Mumpata wotere ndi momwe gogo Sanders amalowera. Abale, sindinadziwe kuti chitoliro chachitsulo chingapume ngati munthu! Mpweya wake umamveka usanasanduke liwu. Anali akuyandikira zaka 80 pojambula, ndipo ukalambawo saubisa: safulumira, sadzionetsa, amanena zochepa n'kudikira. Pena amasiya sakisofoni n'kumang'ung'udza ndi pakamwa, tizilembo topanda tanthauzo, koma ine ndinamva ngati ndikudziwa chomwe akutanthauza. Pansipansi makina a Shepherd amalira tating'onoting'ono, pena ngati akubwera kuchokera kutali, pena kuzimirira.

Chimbalechi chili ndi zigawo zisanu ndi zinayi zolumikizana, koma chomwe chinandigwetsa misozi ndi chachisanu ndi chimodzi. Woliza mmodzi amayamba yekha, anzake n'kumabwera pang'onopang'ono mpaka onse atadzaza khutu, kukwera, kukwerabe, mtima uli m'mwamba. Akatsika, manotsi asanu ndi awiri aja amapezeka adakali pomwepo. Ndinali pakhonde usiku, nyali za asodzi a usipa zitandanda panyanja, ndipo nditachotsa mahedifoni ndinakhala kanthawi osafuna kulankhula ndi munthu. Sanders anamwalira mu September 2022, ndipo chimenechi ndi chimbale chomaliza chomwe anatulutsa ali moyo.

Chiyambire usiku umenewo makutu anga asintha, ndipo chodabwitsa n'choti andibwezera kwathu komwe. Taonani malipenga a Atonga a kumpoto kwa boma lino, kapena mganda wa kwathu kuno. Agogo athu anaona perete ndi mabandi a asilikali a King's African Rifles, analibe malipenga amkuwa, n'kutenga zikho, kumata kanembanemba ka kangaude pabowo, n'kumaimbira momwemo. Liwu la munthu limalowa m'chikho n'kutuluka ngati la chida. Kusakaniza zakunja ndi zapakhomo, ndiponso kumvera nyimbo mawu osamveka, tinayamba kale. Kungoti ine ndinkapita kukaonera mavinidwe ndi zovala zoyera mbee, osatchera khutu ku zikhozo.

Kenako ndinayamba kufufuza Amalawi omwe amayenda njira yoyandikana ndi imeneyi, ndipo dzina loyamba linali la Erik Paliani. Woliza gitala ameneyu anapita ku South Africa, komwe anakonza chimbale cha Ndawo Yami cha Zamajobe komanso Phola cha Hugh Masekela, asanatulutse chake cha Chitukutuku mu 2010. Tangoganizani, Masekela weniweni kudalira makutu a mwana wa ku Malawi! Gitala wa Paliani ndi wa jazz, koma mayendedwe ake munthu umawazindikira kuti ndi akumudzi. Ndamveranso mwatsopano Zani Muwone ya malemu Wambali Mkandawire, ulendo uno ndikutsata besi ndi malipenga m'malo mwa mawu. Palinso Beating Heart Malawi ya 2016, momwe opanga nyimbo ndi makompyuta anatenga zomwe Hugh Tracey anajambula m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950 n'kuzivekanso zatsopano. Zina mwa izo zimandikomera, zina ng'oma ya makina imakwirira agogowo mopitirira muyeso, ndipo pamenepo mtima umandipweteka.

Chomwe ndikulakalaka tsopano ndi chimodzi. Okonza zikondwerero za m'mbali mwa nyanja ino adzatipatseko ola limodzi, dzuwa likamalowa, oitana anthu kuvina atakhala kaye pansi. Pabwalo padzakhale gitala ngati wa Paliani, mnyamata wa makina, ndi gulu la mganda ndi zikho zake, aimbe chinthu chimodzi chachitali osathamangira kuchimaliza. Ine tikiti yake ndidzagula, ngakhale zitatengera kugulitsa thumba la mpunga.