Jezi ya Nambala 3

Jezi yanga ya Russell Wilson ndinaigula pa salaula ku Soweto. Mu 2022, Denver Broncos inatenga quarterback ameneyu ku Seattle Seahawks ali ndi zaka 33. Inapereka osewera atatu ndi mipata isanu yosankhira osewera atsopano, n'kumulonjeza madola 245 miliyoni pa zaka zisanu. Ndinauza anzanga kuti chikho chabwera.

Anasewerako zaka ziwiri chabe. Mu 2024 Denver inamuchotsa popanda womugula. Pittsburgh inamutola ndi madola 1.2 miliyoni, Denver ikumulipirabe pafupifupi 38 miliyoni.

Denver inalipira Wilson wa 2014, uja anatenga Super Bowl. Inenso ndinagula yemweyo. Jezi ndimaivalabe, koma manje anzanga akayamba kuseka ndimangokhala chete.