Kwa mng'ono wanga, pa nkhani yojambula zilombo

Wokondedwa mng'ono wanga,

Za malamulo amene ukufuna kulemba, a momwe osewera ako azijambulira zilombo mu Call of Cthulhu, ndikuuza mosapsatira: masamba a manambala aja sakufunika.

Masewerawa, omwe Chaosium inatulutsa mu 1981, ali kale ndi luso lojambula zithunzi. Munthu aponye madayisi kamodzi, tidziwe ngati dzanja linanjenjemera kapena kuwala kunachepa, basi. Ukawonjezerapo lamulo la mtunda, lina la mdima, lina la mtundu wa kamera, anthu adzaweramira m'buku pa nthawi imene thupi limayenera kuchita tsemwe.

Chimene iwe woyendetsa masewera uyenera kutsimikiza musanakhale pansi n'chakuti chilombo chakocho chimaoneka pachithunzi kapena ayi, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Ngakhale H. P. Lovecraft, mwini nthano zimene masewerawa anachokera, sanatsate njira imodzi. Mu "The Whisperer in Darkness" ya 1931, Henry Akeley wa kumapiri a Vermont anajambula mapazi a zolengedwa zotchedwa Mi-Go, ndipo anaonekadi. Koma atajambula chimodzi chakufa, potsuka filimu anangopeza shedi ya nkhuni yokha. Pomwe mu "Pickman's Model" ya 1927, chithunzi ndicho chimasweratu munthu mtima. Thurber ankayesa kuti mnzake wopenta wa ku Boston amangopeka zoopsa m'mutu, kufikira ataona kuti kapepala kamene anatenga m'chipinda chapansi n'chithunzi cha chinthu chamoyo. Konseku kamera ikuopsa, mosiyana chabe.

Ndiye yankholo ulisunge mumtima, usawauze msanga. Nkhani yanu ili m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene munthu sankaona chimene wajambula pompopompo monga timachitira pafoni. Wojambulayo athawe kaye ndi kamera yolemerayo, maso akadali ndi chidima chifukwa cha ufa wowalitsa umene waphulika. Afike m'chipinda chamdima, ayatse nyale yofiira, aviike pepala m'mbale ya mankhwala. Apa usafulumire, m'bale wanga. Fotokoza khoma likuyamba kutuluka, kenako zenera, kenako chinthu chimene chinaima kumbuyo kwa mnzawo iwo osadziwa. Pamenepo ndi pomwe uwaponyetse madayisi a Sanity, oyesa ngati mitu yawo idakali bwino, kachiwiri.

Ndikudziwa chimene chikukudetsa nkhawa: akakhala ndi umboni m'manja adzathamangira kupolisi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ayi ndithu. Anthu a nthawi imeneyo anali atanamizidwapo kale ndi zithunzi. William Mumler, amene ankagulitsa zithunzi za mizukwa, anazengedwa mlandu wachinyengo ku New York mu 1869, ndipo ngakhale anamasulidwa, mbiri yake inaipa. Mu 1917 atsikana awiri a ku Cottingley ku England anajambula tizimu tamapiko, Arthur Conan Doyle n'kuzifalitsa mu The Strand mu 1920, ambiri n'kumuseka. Eni akewo anadzavomera mu 1983 kuti tinali timapepala todula. Mkonzi wa nyuzipepala m'nkhani yako ali ndi chifukwa chokwanira chowabwezera chithunzi chawo n'kuwalozera khomo.

Amene adzachikhulupirire ndi okhawo amene amachidziwa kale chilombocho, a kagulu kochipembedza aja, ndipo tsopano adziwa yemwe ali ndi filimu komanso kumene amagona. Ichi ndicho chimandikondweretsa kwambiri, poti wojambula uja wadziitanira yekha mavuto chifukwa chochita bwino ntchito yake.

Chonde, pa chilombo chilichonse lembapo mzere umodzi wokha: chimaoneka, sichioneka, kapena chimaoneka mosiyana ndi mmene maso anachionera. Nthawi yotsalayo uigwiritse ntchito poganizira amene adzagogode pakhomo la wojambulayo usiku wotsatira. Undilembere mukasewera.

Ndine,
Mkulu wako wokukonda