Kapado wopanda nsima

Anyamata, paleo ija akuti uzidya ngati makolo akalekale osaka: nyama, nsomba, masamba, zipatso. Nsima ayi, nyemba ayi, shuga ayi. Ngakhale nsinjiro akukaniza, poti mtedza uli m'gulu la nyemba. Apa ndiye pandiwawa.

Kapado ndimaphika chonchi: kudula nthuli, madzi pang'ono, mchere, kusiya pamakala mpaka madzi aphwe. Kenako amakazingika ndi mafuta ake omwe, a m'botolo osagula. Anyezi, tomato, kambuzi, bonongwe pambali.

Koma apse mpaka m'kati, aise. Ukaona timibulu toyera ngati mpunga m'nyamamo, usagule, timeneto timasanduka njoka zam'mimba.

Injini ya Yamaha sunganyamule utangodya nyama ndi masamba, ndiye ndimawotcherapo mbatata ziwiri. Mwamwayi mbatata paleo imalola.