Cinsinsi ca Omvela Athu Tinacipatsa Makina

Cinayi ciliconse madzulo timakhala na pulogilamu ya zaumoyo pa wailesi yathu ya m'dela muno mu Chongwe. Omvela a m'midzi ya Amfumu a Nkomeshya amatitumila mafunso pa foni, ena m'Cisoli, ena m'Cinyanja, ndipo anesi amene timaitana amawayankha. Ndife ongodzipeleka ndipo nthawi imaticepela, conco tinayamba kuseŵenzetsa app ina ya AI kuti izitifupikitsila mauthenga atali.

Tsiku lina tinaikamo uthenga wa amayi ena wonse mmene unabwelela. Munali dzina lawo, mudzi wawo, nambala ya foni, na nkhani yakuti akumwa ma ARV koma amuna awo sadziŵa. Poulutsa tinacotsa zonsezi, tinangoti "omvela athu ena". Tinapita kunyumba mtima uli m'malo. M'maŵa mwake mnzathu amene anaphunzilako za makompyuta anatifunsa kuti, "Anthu mwawabisila, nanga makina aja mwawauza ciani?"

Makina amenewa amaphunzila kukamba mwa kuŵelenga zolemba zambili za anthu. Makampani ena amakamba poyela kuti zimene timalemba m'ma app awo angaziseŵenzetse pophunzitsa makinawo, pokhapo ngati munthu wakana m'ma settings. Vuto n'lakuti makina nthawi zina amaloŵeza zimene aŵelenga, liwu na liwu. Mu 2020 ofufuza, motsogoleledwa na Nicholas Carlini, anakwanitsa kutulutsa maina, manambala a foni na ma imelo a anthu enieni mu GPT-2, makina amene anaphunzitsidwa na zolemba za pa intaneti. Cakumapeto kwa 2023 ofufuza anauza ChatGPT kuti izingobweleza liwu lakuti "poem" osaleka. Patapita kanthawi inayamba kulavula zidutswa za zimene inaphunzila, kuphatikizapo nambala ya foni na imelo ya munthu weniweni. Caka comweco Samsung inaletsa anchito ake kuseŵenzetsa ma app aconco, pambuyo pakuti ena anaikamo zinsinsi za kampaniyo.

Ngati kampani yaikulu conco inacita mantha, kuli bwanji ife? Kuno kwathu anthu timadziŵana. Ngakhale dzina litacotsedwa, kungochula mudzi na nchito ya amuna awo n'kokwanila kuti wa pa msika adziŵe amene akukambidwa. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu pa zinthu zofunika kuzisamala mwapadela, ndipo limakhudza onse osunga mbili za anthu, kuphatikizapo ife a wailesi yaing'ono.

Tinafafaniza uthengawo mu app, tinasinthanso ma settings. Koma cimene waponya mu mtsinje wa Chongwe sucilamulilanso. Cinatsala cinali covuta kwambili: kuwatumila foni amayiwo na kuwauza zimene tinacita. Tinakangana masiku aŵili. Ena anati tingowapatsa nkhawa pacabe, pakuti mwina palibe cidzacitike. Ena anati cinsinsi n'cawo, conco ayenela kudziŵa kumene cafika. Tinawatumila. Anakhala cete kwa kanthawi, kenako anati, "Ana anga, ine ninauza imwe." Sanakalipe, koma kucokela tsikulo sanatilembelenso.

Lomba tili na lamulo lathu, tinalimata pa cipupa ca studio. Uthenga wa zaumoyo, wa nkhanza za m'banja kapena wa milandu ya minda suloŵa mu app iliyonse. Timaufupikitsa tekha m'kope, na bolopeni, ngakhale kuti zimatidyela ola lathunthu. Makina timawapatsa cabe zilengezo za misonkhano na mitengo ya feteleza.

Imwe amene mumalemba maina a odwala ku kiliniki, a ana a sukulu, kapena a mamembala a village banking, musanaike mndandandawo mu app, dzifunseni ngati eni ake anavomela. Ife funso limeneli tinadzifunsa mocedwa, ndipo linatitayitsa omvela amene anali kutidalila.