Kobiri la Kuseri kwa Chitseko

Namondwe Freddy atapendeketsa nyumba yamatabwa ya agogo ku Ndirande mu 2023, tinagwirizana zoigwetsa. Koma inamangidwa liti? Mapepala panalibe.

Titapala mtanda wa denga ndi mpeni, tinamva fungo la mkungudza wa ku Mulanje. N'chifukwa chake chiswe chinaulephera. Kuseri kwa felemu ya chitseko tinapeza kobiri loboola pakati la 1957, nthawi ya Chitaganya. Ndiye kuti chitsekocho chinaikidwa chakacho kapena pambuyo pake.

Zotsalazo anatiuza azakhali: "Matabwawa agogo anu ankasenza pamutu, limodzilimodzi, akaweruka kuntchito."

Nyumbayo tinaikonza, sitinaigwetse. Azakhali anatisiya chaka chatha. Tikanachedwa kufunsa, bwenzi titangotsala ndi kobiri.

Kwanuko akadalipo woti n'kumufunsa? Musadikire mawa.