Kasensa ka padenga la basi

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Chipata pa Intercity amadziwa kuti mpando sasankha chifukwa cha windo chabe. Ozolowera ulendowu amafika pa Dedan Kimathi Road kusanache kuti apeze tikiti ya pakati. Kutsogolo dzuwa limakuwotcha kudzera pagalasi lalikulu, chifukwa Great East Road imaloza kum'mawa ndipo mukangodutsa Chelstone mumayang'anizana nalo. Kumbuyo umakhalira injini. Pakati ndiye pozizira, mwina mpaka azimayi kufunda zitenje mu Okutobala. Basi imodzi yomweyo, wina akunjenjemera, wina akudzikupiza ndi tikiti.

Ine ndimaphunzira ntchito ya magetsi a galimoto kwa amalume anga ku Kabwata, ndipo ena mwa mabasi amenewa ndinakwerapo padenga pake. Chimene chimalamulira aircon ndi kanthu kochepa ngati nyemba, ka mawaya awiri. Timakatcha sensa. Kakatenthedwa, magetsi amadutsamo mosavuta. Kakazizidwa, amadutsa movutikira. Kabokosi ka dalaiva kamawerenga kusinthako n'kuuza kompresa kuti igwire ntchito kapena ipume. Masensa ambiri amene timagula amaonetsa 10 kilo-ohm pa madigiri 25. Amalume akaika mita n'kupeza nambala yoyandikira imeneyo, amangoti, "Aka kalibe mlandu, iwe. Ona pamene anakaika."

Dalaiva akaika 22 pakabokosi, makina sadziwa kuti m'basi muli anthu angati kapena kuti ndani wabereka mwana. Amangomva mpweya umene ukukhudza kasensako. Malo ake ndi pa sefa ya padenga, pamene mpweya wa m'basi umabwerera kulowa m'makina, popeza pamenepo wasakanikirana kale. Koma mabasi athu anadutsa m'manja ambiri. Wina anasintha waya n'kumangirira kasensa ndi mphira pafupi ndi potulukira mphepo yozizira. Kamazizidwa msanga, kompresa n'kuzima, a kumbuyo thukuta lili kamukamu. Wina waya unamuperewera, n'kukakokera kutsogolo pafupi ndi galasi. Dzuwa likakaomba, makina amayesa basi yonse yapsa, ndipo sapuma mpaka ku Nyimba.

Chaka chatha kunabwera azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, akupita ku Mfuwe pa galimoto imene amaitcha motorhome. M'kati mwake muli bedi, khitchini, firiji ndi kabafa. Inali ndi zigawo ziwiri, chogona ndi chochezera, chilichonse ndi aircon yake ndi sensa yake. Dandaulo lawo linali lakuti akayamba kuphika, pochezera pamazizira ngati Juni, pamene usiku kuchipinda kompresa imangoyaka n'kuzima, tulo osabwera. Amalume anangoyenda kamodzi m'katimo. Sensa ya pochezera inali pamwamba pa sitovu ya gasi, ikumva nthunzi ya mphika. Ya kuchipinda inali moyang'anizana ndi potulukira mphepo.

Tinazisamutsa zonse ziwiri. Ya pochezera tinaiika pakhoma la m'kati, osati la kunja limene dzuwa limatenthetsa, molingana ndi mutu wa munthu wokhala pansi, kutali ndi chitseko, windo ndi kumbuyo kwa firiji. Ya kuchipinda tinaitsitsa kufika pafupi ndi bedi, chifukwa mpweya wotentha umakwera kudenga koma munthu amagona m'munsi. Ntchito ya maola awiri. Analipira osanenerera. Ndikukulunga mawaya ndinawerengetsa mumtima: anthu awiri, masensa awiri. Ku Intercity anthu oposa 50 amadalira kamodzi.

Ambuya anga amakhala ku Katete ndipo amabwera ku Lusaka kudzaonana ndi dokotala za BP. Ulendo wina wobwerera anapeza mpando wa mzere womaliza. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, koma msewu ukatsetsereka kupita ku Luangwa Bridge umalowa m'chigwa chotentha, ndipo mawindo a mabasi a aircon ambiri satseguka. Anafika miyendo itatupa, mutu ukuwawa, anagona masiku awiri. Ndinawafunsa pafoni chifukwa chake sanauze kondakitala. Anati, "Ndinawauza, mwanawe. Anati makina akuonetsa 22."

Kondakitalayo sananame, n'zimene zimandiwawa. Nambala inalidi 22 pamene panali kasensa.

Kuwonjezera sensa kumbuyo kokha sikungathetse nkhaniyi ngati mphepo yozizira siikufikako. Mwini basi wina atabweretsa yake, amalume anamuuza zofunika: kutsuka sefa, kutseka mabowo a njira ya mphepo yopita kumbuyo, kuika chotchinga kutentha chatsopano pansi pa mipando ya pamwamba pa injini, ndi kubwezera kasensa pamalo pake. Basi inafunika kuima tsiku limodzi. Iye anawerengetsa matikiti a tsikulo n'kunena kuti, "Ba mdala, thirani gasi chabe." Tinathira gasi.

Manje ambuya akamabwerera, ndimapita ndekha ku Intercity dzulo lake. Ndimapempha mzere wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, mbali ya dalaiva, chifukwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo popita kum'mawa limaomba mbali ya kumanzere. M'mawa ndimalowa nawo, n'kukweza dzanja kumva ngati potulukira mphepo pamwamba pawo pakugwira ntchito. Ndimawasiyira botolo la madzi, ndi juzi pamwamba pa chikwama.